Musanagule thumba la chakudya cha galu, litembenuzeni

Bambo wina amene amayang'anira malo ogona alendo cha ku Makawa, kuno ku Mangochi, anandibweretsera agalu awiri kumbuyo kwa galimoto. Anali agalu akuluakulu olondera, koma nthiti zawo umatha kuziwerenga uli chapatali, ubweya uli mbuu. "Adokotala," anatero, "agaluwa sindiwamana. Thumba lathunthu limatha msanga, koma taonani mmene alili." Tinayamba tawapatsa mankhwala a njoka za m'mimba, chifukwa galu wowonda kuno kwathu umayamba wakayikira njoka ndi nkhupakupa usanaloze chala chakudya. Kenako ndinawapempha kuti abwere ndi thumbalo. Kutsogolo kwake kunali chithunzi cha nyama yofiira yokhetsa dovu. Titalitembenuza, pamndandanda wa zimene zilimo panali chimanga, madeya, chimanga china chotchulidwa dzina lina, ndipo nyama inali kumunsi kwenikweni.

Kutsogolo kwa thumba amalembako ofuna kugulitsa. Zimene mwini galu ayenera kudziwa zili kumbuyo, m'zilembo zing'onozing'ono.

Mndandanda wa zosakaniza umayamba ndi chimene chachuluka pa kulemera, n'kumatsika. Choncho zinthu zitatu kapena zinayi zoyambirira ndizo galu wanu akudya kwenikweni. Pamenepa pali zinthu ziwiri zimene zimasokoneza anthu. Choyamba, nyama yaiwisi imakhala ndi madzi pafupifupi 70 peresenti, pamene chakudya chouma cha m'thumba chimatsala ndi madzi ongokwana 10 peresenti. Nkhuku yaiwisi ikhoza kukhala pamwamba pa mndandanda chifukwa anaiyeza isanaume, koma ikauma imachepa kwambiri. N'chifukwa chake ufa wa nyama youma, umene amalemba kuti "chicken meal" kapena "fish meal", sindiuona ngati chinthu chonyozeka: madzi anachokamo kale, chatsala ndi chomanga thupi. Chachiwiri ndi kugawa chinthu chimodzi m'maina angapo. Chimanga akachilemba patatu, ufa payokha, madeya payokha, zotsalira zina payokha, chilichonse chimaoneka chochepa, koma mukaziphatikiza mupeza kuti thumbalo ndi la chimanga.

Musandimve ngati ndikunyoza chimanga. Galu si mkango. Wakhala pakhomo pa munthu zaka zikwizikwi ndipo mimba yake imagaya bwino chimanga chophikidwa, mpunga kapena mapira. Vuto limabwera chimanga chikalanda malo a zomanga thupi. Matumba odula olembedwa kuti mulibe chimanga kapena tirigu si ofunika kwa galu amene alibe vuto lodziwika la m'mimba kapena la khungu. Ndipotu m'chaka cha 2018 bungwe la FDA, loyang'anira zakudya ndi mankhwala ku America, linayamba kufufuza ngati zakudya zoterezi, zodzadza nyemba ndi nsawawa, zikukhudzana ndi matenda ena a mtima mwa agalu.

Yang'ananinso manambala. Bungwe la AAFCO la ku America, limene opanga zakudya za ziweto ambiri amatsatira miyezo yake, limati galu wamkulu asapatsidwe chakudya chimene zomanga thupi zake n'zochepera 18 peresenti, ndipo ana agalu ndi agalu oyamwitsa amafuna 22.5 peresenti kapena kuposa. Mafuta asachepere 5.5 peresenti kwa wamkulu ndi 8.5 peresenti kwa mwana. Awa ndi malire apansi. Galu amene amazungulira mpanda usiku wonse amafuna zoposa pamenepa. Funaninso liwu lakuti "complete", lotanthauza kuti chakudyacho n'chokwanira pachokha. Matumba ambiri amene amafika m'masitolo athu amachokera ku South Africa, ndipo kumeneko chakudya cha ziweto chimalembetsedwa pansi pa lamulo lotchedwa Act 36 la 1947. Pathumba pamakhala nambala yoyamba ndi chilembo V. Thumba lonena kuti lachokera kumeneko koma lopanda nambalayi, ine sindigula.

Nambala ya zomanga thupi payokha ikhozanso kunama. M'chaka cha 2007 agalu ndi amphaka ambiri ku America ndi ku South Africa anafa ndi matenda a impso chifukwa zosakaniza zina zochokera ku China zinathiridwa mankhwala otchedwa melamine. Poyeza zomanga thupi amayeza nayitirojeni, chinthu chopezeka m'zomanga thupizo, ndipo melamine ali ndi nayitirojeni wochuluka, ndiye chakudya chinkaoneka ngati chopatsa thanzi pomwe munali poizoni. Pachifukwa ichi ndimakonda kampani imene yalemba dzina lake, kumene ili, nambala ya gulu limene thumbalo linapangidwira ndi tsiku lothera ntchito. Zikavuta pali womufunsa. Chakudya chopimidwa m'majumbo opanda dzina, ngakhale chitsike mtengo chotani, palibe amene angakuuzeni kuti chinapangidwa liti.

Tsopano za ndalama, pamene ambiri timapunthwa. Timayerekeza mtengo wa thumba ndi thumba, m'malo mowerengera zimene galu amadya pa tsiku. Tingoyerekeza: matumba awiri, lililonse la makilogalamu 20. Loyamba ndi la K60,000 ndipo malangizo ake akuti galu wanu azidya magalamu 500 pa tsiku. Litha m'masiku 40, kutanthauza K1,500 tsiku lililonse. Lachiwiri ndi la K90,000, koma chifukwa muli chakudya chenicheni chochuluka, galu yemweyo akufunika magalamu 300 okha. Limeneli likhala masiku 66, pafupifupi K1,350 pa tsiku. Lodula lija ndilo latsika mtengo. Sizikhala choncho nthawi zonse, ndipo pali matumba ena amene mumalipira dzina chabe, koma masamu amenewa amatenga mphindi ziwiri pa foni muli m'sitolo momwemo.

Chimene chimandidetsa nkhawa kuposa zonsezi ndi chuku. Chimanga, madeya ndi mtedza zikasungidwa zisanaume bwino, pamalo otentha ndi achinyezi, zimachita chuku chimene chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Poizoniyu amawononga chiwindi, ndipo galu ndi imodzi mwa nyama zimene sizipirira naye. Kuphika sikumupha. Mukhoza kuwiritsa madeya mpaka nkhuni kutha, iye ali momwemo. Mu Ogasiti 2024 boma la Zambia linalengeza kuti agalu pafupifupi 400 afa atadya chakudya chopangidwa ndi chimanga choipitsidwa chotere, ndipo ufa wina wodya anthu unachotsedwa pamsika. Ku Gauteng, South Africa, zoterezi zinapha agalu oposa 200 m'chaka cha 2011. Zimenezi zimakhudza wogula thumba la m'sitolo komanso wogula madeya kuchigayo, ndipo wa madeya ndiye ali pachiopsezo chachikulu, poti chimanga chofumbwa ndi chowola, chimene anthu akana, n'chimene nthawi zambiri timati "tipatse agalu".

Zizindikiro zake muzidziwe. Galu amayamba kukana chakudya, amafooka, amasanza, maso ndi nkhama zimachita chikasu, nthawi zina chimbudzi chimatuluka chakuda kapena cha magazi. Agalu onse apakhomo akakana thumba latsopano nthawi imodzi, musawanyengerere pothira msuzi. Lekani kuwapatsa, sungani thumbalo ndi nambala yake, ndipo pitani nawo kwa dokotala kapena mlangizi wa ziweto tsiku lomwelo. Mankhwala ochotsa poizoniyu m'thupi palibe. Timangothandiza chiwindi ndi kuika madzi m'thupi, ndipo amene abwera mochedwa ambiri sitiwapulumutsa.

Kuno ku Mangochi kutentha kwa Okutobala ndi Novembala, kenako chinyezi cha dzinja m'mbali mwa nyanja ndi mtsinje wa Shire, sizichedwa kuononga thumba lotsegulidwa. Mafuta a m'chakudya amasintha fungo, anankafumbwe amalowa. Ngati muli ndi galu mmodzi, gulani thumba limene lithe m'mwezi umodzi kapena milungu isanu ndi umodzi, ngakhale lalikulu likuoneka lopulumutsa ndalama. Liikeni pathabwa, osati pasimenti, kapena mulilowetse lonse mu ndowa yotseka bwino, kutali ndi dzuwa. Ndipo galu wodya chakudya chouma amamwa madzi ambiri. Beseni lake lisaume.

Ndikudziwa kuti ambiri owerenga sagula matumba konse, ndipo palibe chochititsa manyazi. Tili ndi mwayi umene anzathu akumtunda alibe. Usipa, bonya ndi kambuzi wa ku Malombe ndi chakudya chabwino kwambiri cha galu, chifukwa tinsomba timeneti timadyedwa ndi minga yomwe, ndiye galu amapeza zomanga thupi ndi kashiamu wolimbitsa mafupa nthawi imodzi. Nsima ya mgaiwa wabwino, tinsomba tophika tochuluka ndithu osati tongonunkhiritsa, dzira, dzungu kapena masamba ophika, ndi supuni ya mafuta, zimasunga galu bwino kuposa thumba lotsika la madeya okhaokha. Nsombazo muziphika, popeza zina zikakhala zaziwisi zimaononga vitamini B1 m'thupi. Zamchere muyambe mwaziviika. Minga ya chambo ndi kampango, komanso mafupa a nkhuku ophika, zimabaya kukhosi ndi m'matumbo. Ndiwo zotsala za patebulo samalani nazo chifukwa cha anyezi ndi adyo, zimene zimaphwanya magazi a galu pang'onopang'ono. Ana a agalu amtundu waukulu monga Boerboel ndi German Shepherd ndiwo ndimalimbikitsa kuti, ngati n'kotheka, adye chakudya cha m'thumba chopangira ana, ndipo musawaonjezere kashiamu wina pamwamba, chifukwa akachuluka amapotoza mafupa amene akukula.

Mukasankha chakudya chatsopano, musasinthe tsiku limodzi. Sakanizani ndi chakale kwa sabata yathunthu, chatsopano chikuchuluka pang'onopang'ono, apo ayi galu atsegula m'mimba ndipo mudzaimba mlandu thumba losalakwa. Pakatha milungu isanu ndi umodzi kapena isanu ndi itatu, muoneni galuyo. Chimbudzi chikhale chochepa ndi chogwirana. Chikakhala chambiri ndi chofewa, chakudya chikungodutsa. Ubweya uwale. Mukasisita m'mbali, nthiti muzizimva ndi zala koma zisaoneke ndi maso. Agalu a ku Makawa aja tinawasinthira ku thumba lina lamtengo wapakati, madzulo n'kumawaonjezera usipa wophika. Ndinakawaona patatha miyezi iwiri tikupereka katemera wa chiwewe, ndipo nthiti zija zinali zitabisika.