Mkangano wa gule wamkulu ndi amishoni pa Mua

Ukafika pa Mua, m'munsi mwa mapiri a Dedza kumayang'ana kunyanja, n'kulowa m'nyumba yosungiramo zakale ya Chamare, umapeza nkhope za gule wamkulu zoposa 400 zitasungidwa mwaulemu pabwalo la mishoni ya Katolika. Agogo athu akadauka lero sakadakhulupirira, chifukwa pamalo omwewa ndi pamene ansembe ndi eni dambwe adalimbanapo koopsa.

Ansembe a White Fathers adafika pa Mua mu 1902. Kumtunda, a Dutch Reformed anali atamanga kale ku Mvera mu 1889 ndi ku Nkhoma mu 1896. Onsewa adabwera ndi sukulu, ndipo mkangano udagona pa ana. Mnyamata wa Chichewa ankakula pometa kudambwe, kumene ankalandira mwambo wa kulemekeza akulu, kusunga chinsinsi ndi kuika maliro. Tsopano kwabwera mphunzitsi ndi sileti, akuti mwana yemweyo ndi wake, ndipo akapita ku gule sabatizidwa. Mfumu yokhala ndi mzinda, ufulu wokhala ndi dambwe ndi bwalo la gule, idaona kuti akuilanda mudzi ikupenya. Wansembe naye ankaona zilombo zikubalalitsa ana ake pasukulu, nyimbo zake zili zolaula m'makutu mwake. M'zaka za m'ma 1920 zinthu zidafika povuta. Akhristu opezeka pabwalo ankadulidwa mumpingo, amishoni n'kumadandaula kwa abwana a boma kuti guleyu aletsedwe, koma boma la atsamunda silidafune kumuthetseratu.

Chimene chimandigwira mtima n'chakuti Achewa sadangoyankha ndi ukali. Adamutenga mlendoyo n'kumulowetsa m'bwalo. Kudatuluka Simoni, wa nkhope yofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa, atatenga dzina la mtumwi wa m'Baibulo. Kudatulukanso Maliya, woyenda mwaulemu, wovala zachizimayi. Tangoganizani: ng'oma zikulira, fumbi lili koboo, amayi akuwomba m'manja, ndiye pakati pawo pakuvina mayina omwe aja wansembe amawatchula paguwa Lamulungu. Ena amati kunali kunyoza. Ine ndimaona kuti kunali kumuyesa mlendo pa muyeso wa pamudzi, kuti anthu amuone bwinobwino, amuseke pomwe ayenera kusekedwa, mantha awachoke. Pambuyo pake ngakhale galimoto idalowa m'gule mwa njira yomweyo.

Mphepo idatembenuka mochedwa. Bambo Claude Boucher, wansembe wa ku Canada amene adalandira mfunda wa Chisale, adayambitsa malo a zaluso a Kungoni pa Mua mu 1976. Adakhala pansi ndi akuluakulu a m'midzi zaka zambiri, kulemba nyimbo ndi matanthauzo a zilombo, osema mitengo nawo n'kumasema Yesu ndi Maliya a nkhope za kwathu kuno. Mu 2005 bungwe la UNESCO lidaika gule wamkulu m'gulu la chuma cha chikhalidwe cha dziko lonse, pamodzi ndi Achewa a ku Zambia ndi Mozambique amene timakumana nawo ku mwambo wa Kulamba, ku Mkaika m'dziko la Zambia.

Komabe chilonda sichidapoleretu. M'midzi ina mpaka lero maliro amodzi amagawa banja pawiri, ena akufuna kwaya, ena akufuna Kasiyamaliro aperekeze mkulu wawo kumanda, ndipo amfumu amayamba aweruza nkhaniyo mtembo uli m'nyumba.