Mukatentha thupi mutayenda m'mbali mwa ngalande, musadikire kuti "zidzatha zokha"

Uthenga uwu ndi wa abale ndi alongo amene mukukonzekera ulendo wapansi wa masiku angapo wosonkhetsa ndalama zothandizira kwathu, komanso wa amayi, abambo ndi ana amene mudzawalandire akabwerako.

Ndalemba chifukwa cha mawu amene akuzungulira m'magulu athu a WhatsApp. Akuti madzi a kuno ku Britain alibe matenda, ndiye mapazi akatentha munthu angowaviika m'ngalande, ndipo akafika kunyumba thupi likuphwanya angomwa Panado n'kugona. Ine ndimagwira ntchito ya unamwino ndipo mawu amenewa andisowetsa mtendere. N'zoona kuti likodzo kuno kulibe. Koma m'madzi odekha a m'ngalande mumapezeka nthenda yotchedwa leptospirosis, imene ikafika poipa amaitcha nthenda ya Weil, potengera dzina la dokotala wa ku Germany, Adolf Weil, amene anaifotokoza m'chaka cha 1886. Siigwira anthu ambiri pa chaka, ndipo ambiri amene yawagwira amachira. Amene imawapweteka kwambiri ndi amene achedwa kupita kuchipatala.

Ngalande ya Leeds ndi Liverpool, imene mudzayende m'mbali mwake, ndi yotalika mamailosi 127, kupitirira makilomita 200. Gulu loyenda mamailosi 16 pa tsiku limatha masiku 8, kudutsa Wigan, Blackburn, Burnley, Skipton ndi Bingley. Masiku onsewo madzi amakhala pambali panu penipeni.

Choyambitsa chake n'chosavuta kumva. Ndi tizilombo ta mtundu wa mabakiteriya timene timatuluka mu mkodzo wa makoswe, ng'ombe, nkhumba ndi agalu. Khosweyo amaoneka wabwinobwino koma akukodzera m'madzi, m'matope ndi m'udzu wonyowa, ndipo tizilomboto timatha kukhala moyo m'menemo kwa masabata. Mvula yamphamvu ikagwa imakokolola zonsezi kuchokera m'mabusa kupita m'ngalande. Timalowa m'thupi kudzera pa bala, pa khungu losupuka, m'maso, m'mphuno ndi m'kamwa. Kupatsirana pakati pa anthu sikuchitika kawirikawiri.

Tsopano ganizirani mapazi anu pa tsiku lachitatu. Palibe amene amayenda mtunda wotere osatuluka matuza, ndipo ambiri amakhala ataphulika. Thuza lophulika ndi bala. Ndiye dzuwa latentha, mwafika pa zitseko zokwezera maboti, mwavula nsapato, mwakhala m'mphepete n'kuviika mapazi m'madzi ozizira. Kumva kukoma kumeneko ndikukudziwa, koma pamenepo ndi pamene tizilomboto timapeza polowera. Chonde musatero. Tsukani mapazi ndi madzi a m'botolo kapena a pampopi, aumitseni, matani pulasitala yosalowa madzi, valani masokosi ouma. Musasukusule ndi madzi a m'ngalande, musanyowetsemo thawulo yoika pamutu. Mukagwira zingwe za maboti, matabwa a zitseko zija, kapena galu amene wangotuluka m'madzi, sambani m'manja ndi sopo musanadye. Wina akagweramo asambe thupi lonse mwamsanga ndipo alembe tsiku limene wagwera.

Koma chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri chimachitika ulendo utatha.

Nthendayi siionekera tsiku lomwelo. Kawirikawiri zizindikiro zimayamba patatha masiku 5 mpaka 14, nthawi zina mpaka masiku 30. Pofika nthawi imeneyo zithunzi mwatumiza kale kumudzi, ndalama mwawerenga, mwabwerera ku ntchito, za ngalande mwaiwala. Kenako mwadzidzidzi thupi latentha, mukunjenjemera, mutu ukuwawa kwambiri, minofu ikupweteka makamaka akatumba a m'miyendo ndi msana, maso afiira, mseru, kusanza, mwina kutsegula m'mimba. Ndipo munthu amati, "Ndi kutopa kwa ulendo uja." Ayi. Kuphwanya kwa thupi kobwera chifukwa choyenda kumayamba tsiku lomwelo kapena mawa lake, kumachepa pakatha masiku ochepa, ndipo sikubwera ndi kutentha thupi ndi kunjenjemera. Miyendo imene inali itasiya kuwawa ikayambanso kuwawa patatha sabata, thupi lili moto, imeneyo si nkhani ya kutopa.

Ena amati, "Ndi malungo, ndimawadziwa ine." N'zomveka, tinakula nawo ndipo zizindikiro zake zimafanana kwambiri. Koma udzudzu wa ku Lancashire ndi Yorkshire sufalitsa malungo. LA amene munabwera naye kuchokera kwathu n'kumusunga m'kabati sapha tizilombo ta leptospirosis ngakhale pang'ono, ndipo masiku 3 amene mukumwa mankhwalawo n'kumayembekezera kuti muchira ndi masiku amene nthenda ikulowerera ku impso ndi ku chiwindi. Ngati munapita ku Malawi, Zambia kapena Mozambique m'miyezi 12 yapitayi, malungo angakhalepodi, ndipo nawonso amapha. Pamenepo muuzeni dokotala zonse ziwiri, za ulendo wa kwathu ndi za ngalande, akuyezeni magazi. Musasankhe nokha nthenda imene mukudwala.

Chinanso chimene chimapusitsa anthu n'chakuti nthendayi imatha kuoneka ngati yatha. Munthu amadwala masiku angapo, kenako amapezako bwino tsiku limodzi kapena awiri, amadzuka, amapita ku ntchito, aliyense n'kumati wachira. Akuluakulu anati linda madzi apite ndiye uziti ndadala. Ikabweranso kachiwiri imatha kubwera ndi ukali: maso ndi zikhatho kuchita chikasu, mkodzo kuchepa kapena kusiyiratu, kutsokomola magazi, kubanika, kuuma khosi, kusokonezeka mutu. Pa khungu lathu chikasu sichionekera msanga, choncho yang'anani m'maso, pamalo poyera paja, powala bwino. Mukaona chimodzi mwa zimenezi imbani 999, nambala yoitanira ambulansi, kapena pitani ku chipatala cha odwala mwadzidzidzi chotchedwa A&E nthawi yomweyo, kaya ndi usiku.

Musaganize kuti mphamvu za thupi zikutetezani. Andy Holmes, katswiri wopalasa bwato amene anapambana mendulo zagolide pa masewera a Olympic mu 1984 ndi 1988, anamwalira mu Okutobala 2010 ali ndi zaka 51, ndipo nkhani zinafotokoza kuti inali nthenda ya Weil.

Ikadziwika msanga imachizika ndi maantibayotiki monga doxycycline kapena amoxicillin, omwera kunyumba. Ikachedwa pamafunika kugonekedwa, mankhwala a m'mitsempha, ena mpaka makina osefa magazi m'malo mwa impso. Kusiyana kwake ndi masiku ochepa chabe. Ndiye thupi likangotentha mkati mwa mwezi umodzi kuchokera tsiku lomaliza la ulendo, imbani NHS 111, nambala yofunsira thandizo la zaumoyo, kapena kwa GP wanu, dokotala wa m'dera lanu, tsiku lomwelo, ndipo nenani momveka kuti munayenda m'mbali mwa ngalande, munali ndi zilonda kumapazi, ndipo munakhudza madzi. Dokotala sangalote zimenezi. Mukapanda kunena, zizindikirozi zimaoneka ngati chimfine wamba ndipo mukhoza kuuzidwa kuti mukapume. Musamwe makapusozi otsala a mnzanu. Musamezenso Brufen mowirikiza pamene mukusanza kapena simukumwa madzi okwanira, chifukwa amalemetsa impso.

Ndikudziwa zimene zimatichedwetsa. Wina akuopa kutaya shifiti chifukwa lendi ikudikira. Wina mapepala ake sanalongosoke ndipo akuopa kufunsidwa mafunso. Ku England kuonana ndi GP ndi kulandira thandizo ku A&E n'kwaulere kwa aliyense, ndipo GP sayenera kukukanani chifukwa cha mapepala. Wina amati tiyambe tapemphera. Pempherani, inenso ndimapemphera, koma foni ya 111 iimbidwe tsiku lomwelo. Amayi, bambo akamati "ndili bwino" uku akunjenjemera m'bulangeti, imbani inuyo.

Mwachidule za m'tinjira ta kumidzi. Pa Foulridge ngalande imalowa pansi pa phiri ndipo mulibe njira ya oyenda pansi, ndiye mudzadutsa pamwamba, m'timisewu topapatiza. Popanda njira ya m'mbali yendani kudzanja lamanja moyang'anizana ndi galimoto zikubwera, mondondozana, mutavala zowala. M'udzu wautali muli nkhupakupa zimene zimafalitsa nthenda ya Lyme. Pisirani buluku m'masokosi, dzifufuzeni madzulo aliwonse m'khwapa, kuseri kwa mawondo ndi m'chiuno, ndipo mukaipeza ichotseni ndi kachipangizo kochotsera nkhupakupa, osaiwotcha kapena kuipaka mafuta. Chizindikiro cha nthenda ya Lyme ndi banga lozungulira lomakula pang'onopang'ono, limene pa khungu lakuda limatha kuoneka ngati pongosunama chabe. Nalonso likaoneka, kapena thupi likatentha, ndi nkhani ya kwa dokotala.

Kwa atsogoleri a ulendo, pempho langa ndi ili. Aliyense woyenda apatsidwe kapepala kolembedwa tsiku loyamba ndi lomaliza la ulendo, dzina la ngalande, ndi mawu oti leptospirosis, kuti akadwala angokapereka kwa dokotala. Gulu la WhatsApp musalitseke ulendo ukatha. Sankhani munthu mmodzi woti aimbire foni aliyense pa tsiku la 7, la 14 ndi la 30, makamaka amene amakhala okha, ndipo asangofunsa kuti "muli bwanji", chifukwa tonse timayankha kuti tili bwino. Afunse kuti: thupi latenthapo? Mutu? Mkodzo ukutuluka bwino?