Mmene makampani anayi ankapanganira mtengo wa buledi ku South Africa

Amene anakhalako ku Joni kapena ku Cape Town amawadziwa maina awa: Albany, Sasko, Blue Ribbon, Sunbake. Ndi buledi amene abale athu kumeneko amagula pa spaza (kagolosale ka m'komboni) m'mamawa pothamangira kuntchito. Pa nthawi ya nkhaniyi eni ake anali makampani anayi, Tiger Brands, Pioneer Foods, Premier Foods ndi Foodcorp, amene kwa zaka zambiri ankaoneka ngati akulimbirana ogula chonsecho kuseri ankadyera mbale imodzi.

Gwero lake ndi lakale. M'nthawi ya tsankho boma ndilo linkalamula mtengo wa tirigu ndi buledi kudzera m'bungwe la Wheat Board, ndipo ogaya tirigu ndi ophika buledi anazolowera kukhala pamodzi n'kumakambirana za malonda awo. Mu 1991 boma linasiya kuika mtengo wa buledi, mu 1997 bungwelo linathetsedwa, ndipo mu 1998 kunabwera lamulo loletsa makampani kupangana mitengo kapena kugawana misika. Koma misonkhano ija siinathe, inangolowa mseri. M'madera ena anachita kugawana malo: iwe uzigulitsa uku, ine uko, tisapondane.

Zinaululika mu Disembala 2006, kutatsala sabata imodzi kuti Khirisimasi ikwane. M'chigawo cha Western Cape, kumene kuli Cape Town, anthu ooda buledi m'mabekale n'kumakagulitsa m'masitolo ang'onoang'ono a m'makomboni anauzidwa kuti mtengo ukukwera ndi masenti oposa 30 pa buledi mmodzi. Albany, Sasko ndi Blue Ribbon, onse nthawi imodzi. Ndalama imene ankawachotsera pa mtengo akaoda inadulidwanso mofanana. Wina akati athawire kubekale ina ankapeza chitseko chotseka, poti makampaniwo anali atagwirizana kuti asamalandirane ooda. Apa m'pamene pamandipweteka kwambiri: munthu wa kagalimoto kamodzi, wodzuka usiku kukanyamula makireti, analibe kolowera. Ena mwa iwo ndiwo anakadandaula ku Competition Commission, bungwe loyang'anira mpikisano pa malonda.

Chimene chinaswa gululi ndi ndondomeko imene bungweli linakhazikitsa mu 2004, yoti kampani yoyamba kuulula zonse siilipitsidwa chindapusa. Premier inathamangira mwayiwo, nkhani yonse n'kukhala poyera. Tiger Brands inavomera mlandu mu 2007 n'kulipira R98.8 miliyoni, ndipo posakhalitsa mkulu wake Nick Dennis anatula pansi udindo. Foodcorp inalipira R45.4 miliyoni mu 2009. Pioneer yokha inakakamira kukana, koma mu Febuluwale 2010 bwalo la Competition Tribunal linapeza kuti zimene inkadzitetezera nazo zinali zabodza, ndipo linailamula kulipira R195.7 miliyoni. Kufufuzako kunavumbulanso kuti kupangana mitengo kunafika mpaka pa ufa wa tirigu ndi ufa wa chimanga, chakudya chenicheni cha osauka. Kumapeto kwa chaka chomwecho Pioneer inavomera kuthetsa milandu yake yotsala, ndipo ndalama zonse pamodzi ndi chindapusa choyamba chija zinafika pafupifupi R1 biliyoni, kuphatikizapo R160 miliyoni yoti itsitsire mitengo ya buledi ndi ufa.

Ndalama zake n'zambiri ndithu, koma chindapusa chimapita kuthumba la boma. Mayi wa ku Khayelitsha, komboni ya ku Cape Town, amene ankaonjezera masenti pa buledi wa ana ake tsiku ndi tsiku sanabwezeredwe kanthu m'manja, ndipo risiti akanaitenga kuti? N'chifukwa chake mabungwe monga Black Sash (lomenyera ufulu wa anthu) ndi COSATU (mgwirizano wa mabungwe a anthu apantchito) anapita kukhoti kukapempha kuti ogula onse asumire makampaniwo limodzi, ndipo mu 2012 khoti la apilo linagwiritsa ntchito mlanduwu kuika njira yoyendetsera milandu ya gulu yotere. Mabwana amene ankakhala pamisonkhano ija palibe anamangidwa, chifukwa lamulo loti mkulu wa kampani atha kulowa m'ndende pa mlandu wopangana mitengo linayamba kugwira ntchito mu Meyi 2016.