Buku la akazitape siliyezedwa ndi kulira kwa mfuti

Ntchito younika mabuku a akazitape ili ndi funso limodzi lalikulu: kodi wolembayu wakwanitsa kundikayikitsa munthu amene ndinayamba kumukhulupirira pa tsamba loyamba? Mitembo ndi magalimoto othamangitsana n'zokometsera chabe.

Mabukuwa ali ndi makolo awiri. Ian Fleming, amene anagwira ntchito yaukazitape ku asilikali apamadzi a Britain pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, anatulutsa James Bond mu 1953. Kazitape wake ndi wa suti ndi juga, ndipo safa. John le Carré anagwira ntchito ku MI5 ndi MI6, nthambi zaukazitape za boma la Britain, ndipo buku limene linamutchukitsa linatuluka mu 1963, patangopita zaka ziwiri chimangireni khoma la Berlin. Akazitape ake ndi anthu otopa, onamizidwa ndi mabwana awo omwe. Zonse zili ndi malo ake, ngakhale ine mtima wanga uli kwa wachiwiriyu. Cholakwika n'kudzudzula buku losangalatsa chabe chifukwa silinakulilitseni.

Owerenga akuluakulu kuno ku Mchinji sapusitsika pa nkhani zotere. M'dera la m'malire ano ndi Zambia ndi momwe a Orton Chirwa ndi mayi Vera Chirwa anagwidwira pa 24 Disembala 1981, ndipo mu 1983 anaweruzidwa kuti aphedwe. A Orton anafera m'ndende ya Zomba mu 1992. Amene anakhalapo nthawi ya chipani chimodzi amadziwa kuti kazitape sankaoneka zachilendo ayi. Ankakhala nanu pa mowa, pa maliro, nthawi zina mu basi yopita ku Lilongwe, ali phee kumvetsera. Ndiye buku likandionetsa kazitape amene aliyense m'tauni akudziwa dzina lake, ndimadziwa kuti wolemba akungosewera. Likandionetsa munthu akutsitsa mawu m'nyumba mwake momwe, pamenepo ndimakhala tsonga.

Nanga mathero? Wounika sayenera kuulula, umenewo ndi ulemu kwa wogula. Komatu buku limene limafa mukangodziwa mathero ake ndi lofooka. Mu 1971 Frederick Forsyth anatulutsa buku lonena za chiwembu chofuna kupha Charles de Gaulle, mtsogoleri wa France, pamene aliyense ankadziwa kuti mkuluyo anamwalira kunyumba kwake mu 1970, osati ndi chipolopolo. Anthu anawerengabe usiku wonse, chifukwa chokoka chinali njira yake: pasipoti yabodza ipezeka bwanji, mfuti idutsa bwanji pa malire.

N'chifukwa chake ndikamaliza buku ndimabwereranso ku mitu yoyambirira kukafufuza mapazi a munthu amene wapereka anzake m'nkhanimo. Ngati analipo koma maso anga anawaphonya, wolembayo ndimamuyamikira. Ngati munthuyo wangotulukira pa mutu womaliza ngati bowa wa mvula yoyamba, ndimalemba mosabisa kuti owerenga aberedwa.