Nimrod, ndege yosaka sitima zapansi pa nyanja yochokera ku Comet

Ndege ya de Havilland Comet yomwe inanyamuka ku London pa 2 May 1952 kupita ku Johannesburg, n'kutera ku Livingstone panjira, inali yoyamba ya jeti kunyamula anthu olipira. Thupi la mtundu wake wotsiriza, Comet 4, ndi lomwe asilikali a m'mlengalenga a ku Britain, a RAF, anadzatenga kuti likhale mlenje wa sitima zankhondo zoyenda pansi pa madzi.

Asanatero ankadalira Avro Shackleton, ndege ya mapulopela, yomweyi inkalondera njira ya ku Beira kuchokera ku Madagascar kuyambira 1966 pofuna kutsekereza mafuta opita ku Rhodesia. Inali yochedwa, yaphokoso, ndipo inali itakalamba. Mu 1965 boma la Harold Wilson linasankha pulani ya kampani ya Hawker Siddeley yosintha Comet kukhala Nimrod. Ndege yoyeserera inauluka pa 23 May 1967, ndipo mu October 1969 RAF inalandira Nimrod yoyamba.

Vuto la jeti pa ntchito imeneyi ndi mafuta. Kusaka kumafuna kuuluka chapansi, pang'onopang'ono, kwa maola ambiri, ndipo apa ndi pomwe jeti imamwa mafuta ngati madzi. Choncho anachotsa mainjini a Avon n'kuikamo anayi a Rolls-Royce Spey, okwiririka m'mapiko pomwe amalumikizana ndi thupi. Ndege inkathamanga m'mwamba kupita kumalo osakira, ikafika woyendetsa n'kuzimitsa injini ziwiri zakunja. Kunsi kwa thupi anamangirirako chipinda china chachitali chosungira ma torpedo (mabomba oyenda okha m'madzi) ndi mabomba ena, n'chifukwa chake Nimrod imaoneka ngati ya mimba ziwiri. Kumchira kunali ndodo yaitali yozindikira chitsulo cha sitima pansi pa madzi. Anaiika kutali dala kuti zitsulo za ndegeyo zisaisokoneze. Ankaponyanso m'nyanja timakina toyandama tomvera phokoso la sitima n'kutumiza uthenga pa wailesi.

Ma Nimrod 35 anakonzedwanso kukhala ndege za mtundu wotchedwa MR2, zokhala ndi radar ya Searchwater. Pa nkhondo ya Falklands mu 1982 anaziikira mwachangu payipi yolandirira mafuta zili m'mwamba, kuti zizifika kutali kuchokera pa chilumba cha Ascension. Ulendo wina unapitirira maola 19.

Kuwonjezera zinthu pa thupi lakale kumeneku ndi komwe kunadzabala tsoka. Pa 2 September 2006, Nimrod XV230 itangomwa mafuta m'mwamba inagwira moto n'kugwa pafupi ndi Kandahar ku Afghanistan, anthu onse 14 n'kufa. Ofufuza anapeza kuti mafuta otayika analowa m'kachipinda kakumanja, pafupi ndi thanki nambala 7, momwe munkadutsa mapayipi a mpweya wotentha kwambiri wochokera ku mainjini. M'kachipindamo munalibe chozindikira moto kapena chozimira. Lipoti la loya Charles Haddon-Cave la mu 2009 linati ngoziyo inali yopeweka, ndipo linadzudzula momwe chitetezo cha ndegeyi chinaunikidwira. Ma MR2 anapumitsidwa mu March 2010.

Nkhani ya Nimrod MRA4, yomwe imayenera kulowa m'malo mwa MR2, njomvetsa chisoni mwa mtundu wina. Pofuna kupulumutsa ndalama anaganiza zotenga matupi akale n'kuwaika mapiko atsopano ndi mainjini a BR710. Koma matupiwo anapangidwa ndi manja zaka makumi angapo m'mbuyo, lililonse ndi miyeso yakeyake, pomwe mapiko anajambulidwa pa kompyuta ofanana ndendende. Sizinkalumikizana. Ntchito inachedwa, mtengo unakwera, ndege 21 zomwe ankafuna zinatsika kufika pa 9, ndipo mu October 2010 boma linathetsa ntchito yonseyo. Kumayambiriro kwa 2011 anaziphwanya ku Woodford, komwe zinapangidwira. Britain inakhala pafupifupi zaka 10 yopanda ndege yakeyake yolondera nyanja, mpaka Boeing P-8 Poseidon, yomwenso n'njochokera ku ndege ya anthu apaulendo ya 737, inafika ku Scotland mu 2020.