"Tili tonse": momwe nthano ndi ndakatulo zimagwirizanitsira ana a sukulu

Mukalowa m'kalasi ya Fomu 1 sabata yoyamba ya teremu kuno ku Mangochi, mupeza ana atakhala timagulu. A ku Makanjira ali pakona pawo, a ku Namwera pawo, a ku Monkey Bay pawo, ndipo a pa Boma akudzimva kuti ndi eni malo. Ena akunong'onezana m'Chiyao, wina wangoti zii kuopa kuti akatsegula pakamwa amuseka kalankhulidwe. Makolo amandifunsa kuti n'chifukwa chiyani ife aphunzitsi a Chichewa timathera nthawi pa nthano ndi ndakatulo pomwe kutsogoloku kuli mayeso a MANEB. Ndimawayankha kuti mwana woopa anzake safunsa funso m'kalasi, ndipo wosafunsa amangokopera zapabolodi osamvetsa.

Chida choyamba tinachilandira kwa agogo athu. Wokamba nthano akati "Padangokhala", omvera amayankha kuti "Tili tonse", ndipo amayankhabe mpaka nthano ithe. Kuyankhako si chokometsera chabe. Wokambayo amamva ndi makutu ake kuti sanasiyidwe yekha, ndipo womvera sangathe kuwodzera kapena kuseka pambali chifukwa naye ali ndi gawo lake. Mwana wamanyazi akayankhidwa choncho ndi kalasi yonse, mawu amene anayamba akunjenjemera amakhazikika asanafike pakati pa nkhani.

Koma phindu lalikulu ndi loti nthano ndi ndakatulo zimapatsa mwana pobisala. Kuno ana ambiri bambo awo ali ku Joni, ena amatumiza ndalama, ena foni inasiya kugwira kalekale. Mukamufunsa mwana mwachindunji kuti kunyumba kuli bwanji, akuyankhani kuti kuli bwino, nkhani yatha. Muuzeni alembe mizere isanu ndi itatu yokamba za nyanja, muona. Alemba za ngalawa yomwe inanyamuka madzulo ndi nyali zopha usipa, mwera n'kuwomba, mayi n'kumayang'anabe kugombe mpaka dzuwa kutuluka. Sanatchule bambo ake, ndipo palibe angamuloze chala. Komabe mnzake wa benchi lakumbuyo, yemwe naye akudikira foni yomweyo, wamva zonse. Pa nthawi yopuma muwaona awiriwo akugawana chinangwa, ngakhale wina amapita kumzikiti Lachisanu wina kutchalitchi Lamulungu.

Kulankhula mophiphiritsa chotere si zachilendo kwathu kuno. Mlakatuli Jack Mapanje, yemwe anabadwira m'boma lino m'chaka cha 1944, anali mmodzi mwa omwe anayambitsa gulu la alembi ku Chancellor College mu 1970. Inali nthawi ya chipani chimodzi, pomwe mawu olunjika ankatha kukumangitsa, ndiye ophunzira ankawerengerana ndakatulo zokulungidwa m'miyambi ndi zifanizo. Iye mwini anatsekeredwabe kundende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991. Ana athu saopa ndende, amaopa kusekedwa, koma kwa mwana wa zaka 14 kusekedwa si nkhani yaing'ono.

Apa pali poterera, ndipo ine ndinagwapo. Nditangoyamba ntchito, ndinauza kalasi ina kuti aliyense alembe za tsiku lowawa kwambiri pa moyo wake, kenako awerenge pamaso pa anzake. Ndinkaganiza kuti misozi ikagwa ndiye kuti phunziro lagwira. Mtsikana wina anawerenga za mavuto a kwawo, ndipo pofika mawa lake nkhaniyo inali itafika kale kumjigo. Anajomba masiku angapo, ndipo atabwerera sanalembenso chilichonse chochokera pansi pa mtima. Wolakwa ndinali ine. Ndinakakamiza mwana kuvula pagulu lomwe linali lisanaphunzire kusunga chinsinsi.

Masiku ano ndimayamba ndine, ndi kankhani kakang'ono kochititsa manyazi, monga tsiku lomwe ndinalakwitsa ndakatulo pamzere sukulu yonse ikuonerera. Ana akaona kuti aphunzitsi nawonso anasekedwapo koma sanafe, mapewa amatsika. Kenako timayamba ndi zopepuka: dzina lako linachokera kuti, anakutcha ndani, agogo ako amaimba nyimbo yanji akamasinja. Zolemera zimabwera zokha pakapita masabata. Wosafuna kuwerenga amangoti "ndadutsa", osafunsidwa chifukwa. Wofuna kulemba m'Chiyao amalemba, mnzake n'kutimasulira, ndipo pamenepo mwana amene ankaoneka wosadziwa kanthu amasanduka mphunzitsi wathu. Pomaliza sitifunsa kuti "kodi zimenezi zinakuchitikira iweyo?" Timangotchula mzere womwe watikhudza.

Dziwaninso kuti kalasi si chipatala. Nthawi zina ndakatulo imaulula nkhanza, njala yeniyeni, kapena mtsikana amene akumukonzera banja asanafike zaka 18, zomwe malamulo a dziko lino amaletsa. Zotere sizithera pa kuwomba m'manja. Mphunzitsi amuitanire mwanayo pambali, amuuze mosabisa kuti nkhaniyi ikufunika akuluakulu ena, kenako aitengere kwa ahedi, gulu la amayi la pasukulu, kapena ofesi yoona za chisamaliro cha anthu. Palinso nambala yaulere ya 116 yothandiza ana, yomwe mwana angaimbe yekha. Ine ndimailemba pakona ya bolodi tsiku loyamba, ndipo wofufuta amadziwa kuti pamenepo sakhudzapo.