Penti wa ana aang'ono akuchokera kukhitchini kwanu

Mvula ikakhazikika kuno ku Kasungu, kuyambira Disembala mpaka Malichi, ana aang'ono amatha masiku ambiri ali m'nyumba. Makolo ali kumunda kupalira ndi kubandira, kenako ali m'chigafa kusoka fodya. Mwana wa zaka ziwiri kapena zitatu akasowa chochita amayamba kuvuta, ndipo ambiri timangomupatsa foni kuti akhale chete. Pa ntchito yanga yophunzitsa alezi a sukulu za mmera mpoyamba, chinthu chimene ndimalimbikitsa kwambiri nyengo ino ndi kupaka penti. Simufunika kupita kusitolo pa boma. Zofunika zonse zili m'khitchini mwanu ndi kuseri kwa nyumba.

Tiyambe ndi penti weniweniyo. Tengani masupuni awiri a ufa woyera wosefa bwino, musungunule m'kapu imodzi ya madzi, muphike mpaka likhale phala lamadzimadzi. Ufa wa chinangwa umatuluka wosalala kuposa wa chimanga, koma uphikidwe ndithu. Thiranimo kamchere pang'ono, lizizire, ndipo mugawe m'timbale. Chatsala ndi mtundu. Wofiira wokongola umachokera ku chidede chowiritsa. Wobiriwira mumaupeza posinja bonongwe kapena nkhwani zofutsa pang'ono n'kufinya madzi ake pa kansalu. Dzungu lophika lokanya limapereka chikasu. Wakuda ndi makala, koma muziwapera atanyowa kuti fumbi lisalowe m'mphuno mwa mwana. Amene muli ndi kabotolo ka mtundu wothira m'makeke, madontho awiri akwana. Pangani wochepa, wa tsiku lomwelo, chifukwa kunja kukatentha phala limasasa msanga.

Dothi la katondo, lomwe amayi amakongoletsera makoma a nyumba kumudzi, limapanga penti wabwino zedi. Ndimangopempha kuti mulikazinge kaye pa phale lisanasakanizidwe ndi madzi, chifukwa m'dothi mumakhala mazira a njoka za m'mimba, ndipo lisungireni ana amene anasiya kuika chilichonse m'kamwa.

Nkhani ya m'kamwayi ndi imene ndikufuna tikhalepo pang'ono. Mwana wosakwana zaka zitatu adzalawa penti wake, mufune musafune. Choncho funso loyamba pa chilichonse chimene mukumupatsa ndi lakuti, atameza chingamutani? Penti wotsala popenta nyumba kapena zitseko, makamaka wamafuta uja, asayandikire mwana. Wina amakhala ndi mtovu, ndipo bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti palibe mlingo wa mtovu umene uli wosaopsa m'thupi la mwana. Umawononga ubongo mwakachetechete, mwana osaonetsa kudwala. Zakuda za m'mabatire akutha, zimene ena amadetsera bolodi, nazonso ndi zoopsa. Mbewu ya chimanga yogula imene yatsala podzala imakopa ana chifukwa cha mtundu wake wowala, komatu mtunduwo ndi chizindikiro chakuti inapakidwa mankhwala. Mabotolo ndi zigubu zimene munali mankhwala a fodya kapena a anankafumbwe musasungiremo penti ngakhale mutatsuka chotani. Ndipo kwa ife a dera la fodya, tsamba la fodya laliwisi lisakhale choseweretsa, kaya kufinya kuti lipereke mtundu kapena kudindira. Chikonga chimalowa kudzera pakhungu, makamaka tsamba likanyowa, ndipo mwana amayamba chizungulire ndi kusanza.

Zopakira sizivuta. Chida choyamba ndi chikhatho ndi zala za mwanayo. Chitsononkho akachiviika n'kuchigubuduza pa katoni chimasiya timadontho tambirimbiri. Therere lodula pakati limadinda kaduwa. Mbatata yodula, tsamba la mango, mswachi wakutha wotsuka bwino, kansalu komanga kunsonga kwa kamtengo, zonsezi zimagwira ntchito. Zinthu zing'onozing'ono monga mtedza ndi nyemba zipeweni kwa ana osakwana zaka zitatu, zimatsamwitsa. Pojambulapo, phwasulani katoni yaikulu imene mwapempha ku golosale. Yalani chitenje chakale pansi, mwana mumuvule malaya abwino, mbaula ikhale kutali. Beseni la madzi osambira m'manja libwere pomaliza ndipo inu muli pomwepo, chifukwa mwana woyamba kuyenda amatha kumira m'madzi ochepa kwambiri.

Tsopano mwana wayamba. Apa ndi pamene akuluakulu ambiri, ndi mtima wabwino, amaiwononga ntchito yonse. Amagwira dzanja la mwana n'kumulembetsa a, e, i, kapena amamujambulira nyumba kuti atengere. Ndikupemphani, musatero. Mphamvu yoyendetsa dzanja imayambira paphewa, kutsika kuchigongono, kenako pamfundo ya dzanja, zala zimabwera kumapeto. Mwana wa chaka chimodzi ndi theka amafumbata chopakira ndi chikhatho chonse n'kumakhwatcha ndi mkono wonse, ndipo ndi zoyenera msinkhu wake. Pofika zaka ziwiri ambiri amatha kutengera mzere wotsika. Pa zaka zitatu amazunguliza mzere n'kuutseka. Pa zaka zinayi mumaona mtanda, komanso munthu wa mutu waukulu miyendo yotulukira m'mutu momwemo. Ana amasiyana, wina amafulumira wina amachedwerapo, koma ndondomeko yake ndi yomweyo. Zilembo zimene adzakumane nazo mu Sitandade 1 ali ndi zaka 6 zimapangidwa ndi mizere ndi zozungulira zomwezi. Mukamugwira dzanja, minofu imene ikugwira ntchito ndi yanu, ndipo chimene iye akuphunzira n'chakuti zake sizikwanira.

Kuti phewa lilimbe, nthawi zina tsamiritsani katoniyo kukhoma mwana apake ataimirira. Tsiku limene mulibe ufa woti muwononge, mupatseni madzi okha ndi kansalu apake pa simenti kapena pa khoma la njerwa. Amadabwa kuona chithunzi chikuuma n'kuzimiririka, ndipo amayambanso.

Inu ntchito yanu ndi kukhala pambali ndi kucheza naye. Funso lakuti "Ichi n'chiyani?" limamupanikiza mwana amene sanaganize n'komwe zojambula chinthu. Nenani zimene mukuona: "Wapaka ofiira ambiri apa, taona mzere uwu kutalika!" Kapena, "Tandiuza za ichi." Mudzamva nkhani ya mbuzi ya agogo imene inathawa mvula, pamene inu mumangoona matope. Mawu atsopano monga pamwamba, pansi, chonyowa, choterera, amalowa mosavuta mwana akamawamva zala zili mu phala. Yambani ndi mitundu iwiri yokha. Akasakaniza zonse n'kutuluka zotuwa, musadandaule, waphunzirapo kanthu. Kwa ana a zaka zinayi ndi zisanu, finyirani ndimu m'madzi a chidede mbali ina, mbali ina muthire kasoda ka therere, aone mtundu ukusintha. Amafuula ndi chimwemwe, ndipo mafunso sawathera.

Mwana wa zaka ziwiri akakhala mphindi zisanu kapena khumi n'kunyamuka, wakwanitsa. Wina safuna n'komwe kukhudza zoterera. Musamukakamize kapena kumuseka, mupatseni chitsononkho kuti zala zisade, adzazolowera pang'onopang'ono. Ndipo mwana akamakonda dzanja lamanzere, musiyeni. Kumumenya kapena kumusinthitsa chopakira sikumuthandiza, kumangomuchititsa mantha ndi kulemba.

Zikauma, lembani dzina la mwana ndi tsiku kuseri kwa katoni, mupachike penapake pamene iye angathe kuona. Mukasunga zingapo kwa miyezi, mudzaona nokha mmene dzanja likukhwimira. Zimathandizanso kuzindikira vuto msanga. Mwana amene sanakwane chaka ndi theka koma amagwiritsa ntchito dzanja limodzi lokha, linalo lili chofumbata kapena lolobodoka, kapena amene wafika zaka ziwiri osatha kugwira chopakira n'kukhwatcha, kapenanso amene amayandikitsa nkhope kwambiri pa katoni kuti aone, pitani naye kusikelo ya ana mukawafotokozere alangizi a zaumoyo zimene mwaona.